Kulondola ntchito ya phungu wanu: mafunso ndi mayankho kwa ovota a ku Kasungu

Mafunso awa ndi omwe amabwerezedwa pamisonkhano ya ADC (komiti ya chitukuko ya m'dera la mfumu yaikulu), m'makalabu a alimi ndi pa mapologalamu oimba foni a pawailesi nthawi iliyonse nkhani ya aphungu ikabuka. Tayamba ndi osavuta, kenaka talowa m'kati mwa momwe Nyumba ya Malamulo imagwirira ntchito. Sitikuuzani woti mumuvotere. Cholinga n'choti pokamba za phungu wanu muzikhala ndi umboni m'manja.

Kodi ntchito yeniyeni ya phungu ndi chiyani?

Zilipo zitatu: kupanga malamulo, kuyang'anira momwe boma likugwiritsira ntchito mphamvu ndi ndalama za misonkho, ndi kulankhulira anthu a dera lake m'Nyumba. Kuvomereza bajeti ya dziko kumagwera pa ziwiri zoyambazo. Kukumba mijigo, kukonza milatho ya m'midzi ndi kumanga midadada ya sukulu ndi ntchito ya khonsolo ndi maunduna. Phungu amangokankha kuti zichitike ndi kufunsa zikachedwa.

Ndani angakhale phungu, ndipo amakhala pampando nthawi yaitali bwanji?

Gawo 51 la malamulo oyendetsera dziko limafuna kuti munthu akhale nzika ya Malawi, wa zaka zosachepera 21, wolembetsa m'kaundula wa ovota, komanso wodziwa kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali pa zokambirana. Wopezeka wolakwa pa mlandu wokhudza chinyengo m'zaka 7 zapitazo saloledwa kuima.

Nthawi yake ndi zaka 5, ndipo palibe malire a maulendo omwe munthu angaimire. Aphungu osankhidwa mu Meyi 2019 adakhala mpaka 2025 chifukwa malamulo a zisankho adasinthidwa khothi litathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti pa 3 Febuluwale 2020. Wopambana ndi amene wapeza mavoti ochuluka kuposa anzake, ngakhale asafike theka. Lamulo la 50+1, lofuna mavoti opitirira theka, ndi la pulezidenti yekha.

Dera lathu lidasintha malire. Mbiri ya phungu tiifufuze pansi pa dzina liti?

Mpaka 2025 dziko lino linali ndi madera 193, ndipo Kasungu anali ndi 9. Bungwe loyendetsa zisankho la MEC litaunikanso malire, madera adakwana 229 pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025. Izi n'zofunika pofufuza chifukwa m'Nyumba aphungu amaitanidwa ndi dzina la dera lawo. Ngati phungu wanu adakhalapo m'Nyumba kale, mawu ake akale muwapeza pansi pa dzina lakale la deralo. Fufuzani ndi zonse ziwiri, dzina la munthu ndi la dera, ndipo samalani ndi mayina ofanana ngati Kasungu North East ndi Kasungu North North East. Ambiri amasokonezeka pamenepa n'kumupatsa munthu mawu a mnzake.

Zomwe phungu walankhula m'Nyumba zimalembedwa pati?

Mu Hansard. Ili ndi buku la tsiku ndi tsiku momwe alembi a Nyumba amalemba zonse zolankhulidwa, dzina la wolankhula lili patsogolo. Chikalata chachiwiri ndi Order Paper, ndandanda ya zokambirana za tsikulo, momwe mumapezekanso mafunso omwe aphungu alembera nduna. Chachitatu ndi malipoti a makomiti. Zina mwa zikalatazi zimaikidwa pa tsamba la intaneti la Nyumba ya Malamulo, ndipo zomwe palibe mutha kuzipempha ku ofesi ya Mlembi wa Nyumba ku Lilongwe. Malamulo omwe adadutsa kale amapezeka pa tsamba la MalawiLII.

Zonsezi zili m'Chingerezi, ndipo ili ndi vuto lalikulu kwa ovota ambiri. Njira yomwe imathandiza ndi yoti komiti ya m'dera isankhe anthu awiri kapena atatu, kaya mphunzitsi, kaya wachinyamata wa MSCE, aziwerenga ndi kufotokozera anzawo. Ofesi ya paboma ya NICE, bungwe lophunzitsa nzika za ufulu ndi udindo wawo, ndi malo abwino oyambira. Zokambirana zimaulutsidwanso pa wailesi ndi pa Facebook, koma kakanema ka mphindi imodzi koyenda pa WhatsApp sikakuuzani zomwe zidanenedwa patsogolo ndi pambuyo pake. Lembani tsiku lake, mukatsimikize mu Hansard.

Ndingadziwe bwanji momwe phungu wanga adavotera pa bilu (lamulo lomwe likukambidwa lisanavomerezedwe) inayake?

Apa m'pamene anthu ambiri amakhumudwa, choncho tifotokoze bwino. Nkhani zambiri m'Nyumba zimagamulidwa ndi mawu apakamwa. Sipikala amafunsa ovomereza kuti ayankhe pamodzi, kenaka okana, n'kulengeza mbali yomwe yamveka kwambiri. Pa voti yotere palibe dzina la phungu lomwe limalembedwa. Ngati wina akukuuzani motsimikiza kuti phungu wakutiwakuti adavomereza bilu yomwe idadutsa mwa njira imeneyi, mufunseni komwe wazitenga.

Mayina amaoneka pa voti yowerenga mmodzimmodzi, yomwe m'Nyumba amaitcha division. Imachitika aphungu okwana chiwerengero chomwe malamulo a Nyumba amafuna akaimirira kutsutsa chigamulo cha Sipikala pa voti ya pakamwa, komanso pa bilu zosintha malamulo oyendetsera dziko, poti pamenepo pamafunika nambala yeniyeni. Madera amaitanidwa limodzilimodzi, ndipo phungu aliyense amayankha kuti wavomera, wakana kapena sakuvota. Umenewu ndiye umboni wolimba kuposa wina uliwonse. Zitsanzo ziwiri zodziwika: pa 4 Julaye 2002 bilu yochotsa malire a materemu a pulezidenti idapeza mavoti 125 ovomereza ndi 59 okana, n'kugwa chifukwa idaperewera mavoti atatu, ndipo mu Febuluwale 2017 kusintha kokweza zaka zolowera m'banja kufika 18 kudadutsa ndi mavoti 131, okana awiri.

Kusankha Sipikala ndi omutsatira kumachitika mwachinsinsi, choncho pamenepo palibe choti mufufuze.

Pomwe voti idali ya pakamwa, chomwe chatsala ndi kuwerenga zomwe phunguyo adalankhula pa biluyo, zosintha zomwe adapempha, ndi zomwe chipani chake chidanena kudzera mwa mneneri wake pa nkhaniyo. Zimenezi zimakuonetsani mbali yomwe adapendekera, koma musazitchule kuti voti.

Nanga akajomba tsiku la voti, tiziti wavomera kapena wakana?

Zimatengera mtundu wa nkhani. Pa bilu wamba amawerenga okhawo amene alipo ndipo avota, choncho wojomba sasintha kanthu pokhapokha ngati mbali ziwirizo zayandikana. Pa kusintha malamulo oyendetsera dziko pamafunika magawo awiri mwa atatu a aphungu onse oyenera kuvota, osati a okhawo omwe abwera. M'Nyumba ya aphungu 229 ndiye kuti mavoti opitirira 150. Pamenepa kujomba kapena kusavota kumagwira ntchito ngati kukana, ndipo andale amadziwa zimenezi. Phungu amene amadwala kapena kupezeka paulendo nthawi zonse pakakhala voti yovuta, mufunseni chifukwa chake pagulu.

Kodi phungu angavote motsutsana ndi chipani chake osataya mpando?

Inde. Gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko, lomwe ambiri amalidziwa pa nkhani yosamuka chipani, lili ndi ndime yachiwiri yomwe imati phungu aliyense ali ndi ufulu wonse wovota momwe akuonera, ndipo mpando wake sungalandidwe pa chifukwa chokhacho choti wavota mosemphana ndi chipani. Phungu akanena kuti adakakamizidwa ndi lamulo kuvota ndi chipani, sakunena zoona. Chomwe chimamukakamiza ndi ndale: chipani chilichonse chili ndi Chief Whip wake woonetsetsa kuti aphungu akuyendera limodzi, ndipo wopanduka amaopa kuchotsedwa m'komiti, kumanidwa udindo kapena kugwetsedwa pa chisankho chachipulula.

Ndime yoyamba ya gawoli imakhudza phungu amene adasankhidwa ali membala wa chipani choimiridwa m'Nyumba, kenaka n'kuchisiya mwa kufuna kwake kapena kulowa china. Sipikala ndiye amalengeza kuti mpando wake ulibe munthu. Khothi la Supreme lidatsimikiza mu 2007 kuti gawoli ndi lovomerezeka, koma kuligwiritsa ntchito kwakhala kukutsekerezedwa ndi ziletso za kukhothi. Woima payekha amene walowa chipani atapambana sagwidwa ndi ndimeyi. Komabe ovota ali ndi ufulu womufunsa ngati adawauziratu pa kampeni kuti adzatero.

Bilu imayenda bwanji, ndipo dzanja la phungu limaoneka pati?

Bilu imayamba yasindikizidwa ndi kugawidwa kwa aphungu masiku 28 isanalowe m'Nyumba, ngakhale kawirikawiri boma limapempha kuti masikuwa achotsedwe. Kuwerenga koyamba ndi mwambo chabe. Pa kuwerenga kwachiwiri nduna imafotokoza cholinga cha biluyo, aneneri a zipani amayankha, kenaka aphungu ena amathirirapo ndemanga. Nthawi zina bilu imatumizidwa ku komiti yoyenera kuti ikaunikidwe ndi kumva maganizo a anthu. Ikabwerako, Nyumba yonse imakhala ngati komiti n'kuyenda ndime ndi ndime. Pomaliza pali kuwerenga kwachitatu, ndipo pulezidenti amakhala ndi masiku 21 oti asaine kapena aibweze ndi zifukwa zake.

Ife timati yang'anani kwambiri gawo la ndime ndi ndime. Pa kuwerenga kwachiwiri aliyense angathe kuimirira n'kuthokoza nduna, kutchula msewu wa kwawo, n'kukhala pansi. Koma wopempha kuti ndime yakutiyakuti isinthidwe, n'kupereka mawu olowa m'malo mwake, ndi amene wawerengadi biluyo. Belo la fodya ku msika wa Chinkhoma saliyesa ndi chiguduli chakunja, amalitsegula. Mu Hansard, potsegulira pake ndi pamenepa.

Lachinayi ndi tsiku la nkhani za aphungu omwe si nduna. Ngati phungu wanu adabweretsapo mfundo kapena bilu yakeyake, muipeza pa Order Paper ya tsiku limeneli.

Phungu wathu sitimumva pa wailesi. Ndiye kuti sagwira ntchito?

Mwina, koma musafulumire. Yambani mwaona udindo wake. Nduna siifunsa mafunso, imayankha, ndipo sikhala m'makomiti oyang'anira boma. Sipikala savota pokhapokha mavoti akafanana, ndipo omutsatira akakhala pampando wotsogolera zokambirana satenga mbali. Kasungu watulutsa aphungu ambiri a maudindo otere: a Ken Kandodo a Kasungu Central adakhala nduna ya zachuma kuyambira 2009 mpaka 2011, a Madalitso Kazombo a Kasungu East adasankhidwa kukhala wachiwiri woyamba kwa Sipikala mu 2019, ndipo mayi Khumbize Kandodo Chiponda a Kasungu South East adakhala nduna ya zaumoyo kuyambira 2020 mpaka 2025. Mbiri ya phungu amene ali nduna imawerengedwa pa bilu zomwe adabweretsa, mayankho omwe adapereka, malonjezo omwe adanena m'Nyumba, ndi zomwe malipoti a Auditor General, mkulu wofufuza mabuku a ndalama za boma, akunena za unduna wake.

Kwa phungu wamba, funsani makomiti omwe alimo. Ntchito yambiri yofunika imachitikira kumeneko popanda wailesi: komiti ya zaulimi, ya zaumoyo, ya zamalamulo, ya bajeti, ndi ena. Makomiti awiri amasokoneza anthu chifukwa onse amafupikitsidwa kuti PAC. Public Accounts Committee imafunsa alembi a maunduna ndi ma DC za ndalama zomwe sizikuoneka bwino m'mabuku. Public Appointments Committee imavomereza kapena kukana anthu osankhidwa m'maudindo ena akuluakulu, monga mkulu wa ACB, bungwe lolimbana ndi katangale. Lipoti la komiti limakhala ndi mayina a mamembala ake.

Ngati si nduna, satsogolera zokambirana, dzina lake mulibe mu Hansard, sadalembepo funso ndipo za komiti yake satha kufotokoza, pamenepo kudandaula kwanu kuli ndi maziko.

Bwanji phungu sangoika msewu wathu mu bajeti, kapena kubweretsa lamulo lotsitsa mtengo wa feteleza?

Gawo 57 limaletsa Nyumba kukambirana bilu kapena kusintha kulikonse koika msonkho kapena koonjezera ndalama zotuluka m'thumba la boma popanda chilolezo cholembedwa cha nduna ya zachuma. Choncho woimira amene akulonjeza kuti iye payekha adzatsitsa mtengo wa thumba la feteleza akulonjeza chomwe lamulo silimulola.

Zomwe angathe ndi izi. Chaka cha zachuma cha boma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo bajeti imakambidwa m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi. Nduna ikaipereka, aphungu amagawikana m'magulu a makomiti kukaunika ndalama za unduna uliwonse, kenaka Nyumba imavomereza unduna ndi unduna. Phungu wakhama amafunsa pamenepo chifukwa chomwe ntchito ya m'dera lake ilibe ndalama, amakakamiza nduna kulonjeza pa mbiri yolembedwa, ndipo amadzafunsanso pa kuunika bajeti kwa pakati pa chaka. Kuti msewu ufike pamenepo uyenera kuyamba walowa m'ndondomeko ya chitukuko ya khonsolo kuchokera ku VDC (komiti ya chitukuko ya m'mudzi) ndi ADC. Midzi yambiri imadumpha sitepe imeneyi n'kumadikira phungu.

Ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, ndi za phungu?

Ayi. Ndi ndalama za misonkho zomwe zimadutsa mu akaunti ya khonsolo, ndipo woyankha pa kagwiritsidwe ntchito kake ndi DC, kapena mkulu wa khonsolo ya tauni kwa a mu Kasungu Municipality. Thumbali lidayamba mu 2006 ndipo m'chaka cha zachuma cha 2024/25 lidafika K200 miliyoni pa dera lililonse. Kwa zaka zambiri aphungu ndiwo ankakhala ndi mawu aakulu posankha ntchito. Mu Meyi 2025, pa mlandu womwe lidabweretsa bungwe la makhonsolo la MALGA, khothi lidagamula kuti kulowerera kwa aphungu pa kayendetsedwe ka thumbali komanso kuvota kwawo m'makhonsolo n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko, poti munthu sangayang'anire ndalama zomwe akugwiritsa ntchito yekha. Ndondomeko yomwe ikutsatidwa m'chaka chomwe mukufufuza muifunse kukhonsolo, molemba.

Pa ntchito iliyonse ya CDF funsani zinthu zisanu: mfundo za msonkhano wa ADC womwe udaisankha, mtengo womwe udavomerezedwa, dzina la kontilakita ndi momwe adapezekera, ndalama zomwe zalipidwa kale, ndi chikalata cha mkulu wa zomangamanga wa khonsolo chotsimikiza kuti ntchito yatha. Zolakwika zomwe zimabwerezedwa ndi kulipira ntchito isanathe, kugula zipangizo popanda kuyerekeza mitengo, ndi kuyamba ntchito zambiri zing'onozing'ono zomwe zimathera pa windo.

Ndi nkhani ziti zomwe tingayezere maganizo a phungu wa ku Kasungu?

Sankhani zomwe zimakhudza boma lino mwachindunji, poti pa zimenezo phungu alibe chifukwa chokhalira chete.

Yoyamba ndi fodya. Kodi adalankhulapo chiyani za ulimi wa makontilakiti, ndalama zodulidwa kwa mlimi pa msika, mabelo obwezedwa ndi mitengo yotsikitsitsa yomwe boma limalengeza? Pafupi ndi imeneyi pali nkhani ya matenanti. Kusintha kwa lamulo la zantchito kwa 2021 kudathetsa utenanti, koma kudutsa kwa lamulo ndi kutsatidwa kwake m'maesiteti ndi zinthu ziwiri. Phungu amene amasamala za anthuwa amafunsa nduna ya zantchito kuti oyendera malo a ntchito afika kangati m'maesiteti a dera lake.

Yachiwiri ndi malo. Lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe lidasinthidwanso mu 2022, limakhudza kalembera wa minda ndi mphamvu za mafumu, ndipo m'boma lodzaza ndi maesiteti a lizi ngati lino, funso la malo ongokhala pomwe midzi ikusowa polima silitha.

Yachitatu ndi ya anthu oyandikana ndi Kasungu National Park, monga a kwa Chulu. Chifikireni njovu 263 zochokera ku Liwonde mu 2022, madandaulo a minda yoonongeka ndi anthu ophedwa akhala akumveka. Onani ngati phungu adafunsapo za mpanda, za kufulumira kwa alonda a nyama akaitanidwa, ndi za chipepeso kwa okhudzidwa.

Yachinayi ndi zipangizo zaulimi zotsika mtengo ndi misika ya ADMARC: chiwerengero cha opindula, nthawi yomwe feteleza amafika, ndi mtunda wokagula.

Pa nkhani iliyonse ikani pamodzi zitatu: zomwe adalonjeza pa kampeni, zomwe adanena m'Nyumba, ndi momwe adavotera ngati padali kuwerenga mayina. Kusintha maganizo si mlandu ngati wafotokoza chifukwa. Chokayikitsa ndi kulankhula zina ku Chamama kapena ku Nkhamenya, zina ku Lilongwe, kapena kusintha mawu tsiku lomwe chipani chake chalowa kapena kutuluka m'boma.

Phungu wathu amathandiza pamaliro ndi kulipirira ana fizi. Kodi zimenezi siziwerengedwa?

Ndi chifundo, ndipo banja lothandizidwa lili ndi chifukwa chothokozera. Koma si ntchito yomwe adasankhidwira, ndipo ikakhala muyeso waukulu imaononga. Phungu amene malipiro ake athera pa mabokosi amalowa m'ngongole, ndipo wangongole savuta kumunyengerera pa voti. Dziwaninso kuti lamulo la zipani la 2018 limaletsa woimira kapena chipani kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa mavoti, ndipo chilango chake chimafika K10 miliyoni ndi zaka 5 kundende. Madandaulo amapita kwa mlembi wa zipani za ndale.

Tingadziwe chuma chomwe anali nacho polowa?

Lamulo la 2013 limalamula aphungu, nduna ndi akuluakulu ena kulembetsa katundu, ngongole ndi mabizinesi awo pasanathe miyezi itatu atalowa paudindo, ndi kuonjezera zosintha chaka chilichonse. Mafomuwa amasungidwa ku ofesi ya Director of Public Officers' Declarations ku Lilongwe, ndipo nzika ingathe kupempha kuwaona polemba fomu ndi kupereka chifukwa. Ubwino wake waukulu ndi kuona ngati phungu ali ndi bizinesi pa nkhani yomwe akuilankhulira, monga kunyamula feteleza kapena kugula mbewu.

Ngati sakutikhutiritsa, tingamuchotse zaka zisanu zisanathe?

Ovota alibe mphamvu imeneyo. Gawo 64, lomwe linkalola anthu kuchotsa phungu wawo, lidafafanizidwa ndi aphungu mu 1995, ndipo ngakhale mabungwe akhala akupempha kuti libwerere, silidabwerere. Mpando umakhala wopanda munthu phungu akamwalira, akatula pansi udindo, akapezeka wolakwa pa mlandu womuletsa kukhala phungu, khothi likathetsa chisankho chake, kapena kudzera m'gawo 65 monga tafotokozera pamwambapa. Funso loti iye amati chiyani pa kubwezeretsa gawo 64 ndi labwino kumufunsa pa mtsutso wa oimira, anthu akumva.

Tapempha zikalata koma akutizungulitsa. Tichite chiyani?

Gwiritsani ntchito lamulo lopereka mwayi wopeza mauthenga, lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Lembani kalata kwa ofisala wa mauthenga wa ofesiyo, kaya ndi khonsolo kaya Nyumba ya Malamulo. Tchulani chikalata chenichenicho ndi nthawi yake, mwachitsanzo mndandanda wa ntchito za CDF za dera lanu m'chaka chakutichakuti ndi ndalama zolipidwa pa iliyonse, kapena Hansard ya tsiku lakutilakuti. Pempho loti mukufuna zonse zokhudza phungu limapereka mpata wokuyankhani zosamveka. Pangani makope awiri, imodzi aidinde ndi kulembapo tsiku, muisunge.

Ofesi ili ndi masiku 15 ogwira ntchito oti iyankhe. Akakana, apereke chifukwa molemba. Akakhala chete kapena chifukwa chake chikapanda kumveka, pemphani mkulu wa ofesiyo kuti aunikenso, ndipo zikakanika pitani ku Malawi Human Rights Commission, yomwe imayang'anira lamuloli. Pomwe zikalata zaonetsa kuti ndalama zidalipidwa pa ntchito yomwe kulibe, tengani makope ake, zithunzi za malowo ndi mfundo za ADC, mukapereke ku ACB kapena kwa Ombudsman (wolandira madandaulo a anthu okhudza maofesi a boma), ndipo kope ina ipite kwa wapampando wa Public Accounts Committee kudzera kwa Mlembi wa Nyumba.